Kalata yotseguka: tikumbukire Abusa Napier, komanso amtengatenga omwe anafera nkhondo yomweyo

Kwa akuluakulu a Commonwealth War Graves Commission (bungwe losamalira manda a anthu ofera ku nkhondo), atsogoleri a Church of Scotland, abusa athu a Blantyre Synod ya CCAP, komanso akuluakulu a boma oona za zipilala ndi malo osungira mbiri kuno ku Malawi,

Ndikupatsani moni nonse mwaulemu waukulu, mabwana, madona ndi abusa. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani bwino pa ntchito zanu. Ine ndi munthu wamba chabe, mkhristu wa CCAP, ndipo kalatayi ndailemba poyera dala kuti anzanga aziwerenga nawo ndikutumizirana, chifukwa nkhani yake si ya banja limodzi ayi.

Ndiyambe ndi munthu amene wandipangitsa kulemba. Dzina lake ndi Robert Hellier Napier, m'busa wa ku Scotland yemwe anadzafa ngati msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankati nkhondo ya Chiwaya. Anabadwa mu 1884 ku Yoker, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kufupi ndi Glasgow, m'banja la anthu opanga sitima zapamadzi, nde mutha kuona kuti sanali mwana wosowa pogwira, akanatha kukhala kwao nkumadya bwino mpaka kukalamba. Anaphunzira pa yunivesite ya Glasgow, nachita za ubusa, kenako mu 1909 anabwera ku Blantyre Mission ali mnyamata wa zaka 25 basi, nthawi imeneyo mutu wa mishoni anali Abusa Alexander Hetherwick. Chinyanja anachiphunzira mpaka kuchidziwa bwino zedi, moti anamuika pa ntchito yomasulira Baibulo pamodzi ndi Abusa William Murray a mishoni ya Dutch Reformed komanso aphunzitsi achikuda amene ankawathandiza kusankha mawu. Ntchito imeneyo ndi yomwe inabala Buku Lopatulika mu 1922, lomwe tikuwerengabe mpaka lero m'matchalitchi, pamaliro, paukwati, kumilaga, paliponse. Koma mwini wakeyo sanalione bukulo litatuluka. Nkhondo itayamba anagwira ntchito yoyang'anira amtengatenga, kenako anamuphatikiza ku gulu la King's African Rifles, lija makolo athu ankati Keyala, kuti azifufuza komwe adani ali poti ankamvana ndi anthu a m'midzi m'chinenero chao. Mu February 1918 anaphedwa ku Mozambique, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Portuguese East Africa, asilikali a Britain akuthamangitsana ndi gulu la Ajeremani la Paul von Lettow-Vorbeck lomwe linaoloka mtsinje wa Rovuma mu November 1917. Anali ndi zaka 33.

Tangoganizani banja lake ku Scotland kuja. Mwana munamutumiza kukalalikira, kalata zake zimabwera akusimba za ana asukulu ndi maulendo a m'midzi, ndiye tsiku lina kukubwera uthenga woti waphedwa m'tchire la dziko loti ngakhale pa mapu simungaloze msanga. Zimenezo zimawawa kulikonse, mzungu kaya wakuda misozi yake ndi imodzimodzi. Koma banja lake silinasiyidwe chimanjamanja. Makalata amene ankalembera abale ake anasonkhanitsidwa ndipo Abusa Hetherwick anawakonza kukhala buku mu 1925. Dzina lake lili pa mndandanda wa ophunzira a yunivesite ya Glasgow amene anafera ku nkhondo, ndipo mbiri yake munthu atha kuipeza pa intaneti lero lomwe. Ine izi ndikusangalala nazo, ndipo ndikuti zinayenera kutero. Munthu uja anatipatsa unyamata wake wonse.

Dandaulo langa loyamba ndi laling'ono poyerekeza ndi enawo koma likundikhudza ngati mkhristu. Kuno kumene anagwira ntchito ndi kumene dzina lake lazilala. Imani panja pa tchalitchi chilichonse mapemphero akatha mufunse anthu kuti Napier anali ndani, ambiri angokuyang'anani, pomwe m'manja anyamula buku lomwe iye anatayirapo thukuta. Livingstone timamudziwa, David Clement Scott timamudziwa chifukwa cha tchalitchi cha St Michael and All Angels, Hetherwick ndi Laws timawatchula, koma uyu amene anafa ali wamng'ono tamusiya kuti azikumbukiridwa ndi a kwao okha ngati kuti kuno anangodutsa.

Dandaulo lachiwiri nde lenileni, ndipo apa ndikupemphani mundimvetsere modekha. Napier sankayenda yekha m'tchire muja. Msilikali aliyense amene ankamenya nkhondo ija kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu osenza katundu pamutu, chifukwa misewu ya galimoto inali yochepa ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Ufa, mpunga, zipolopolo, matenti, mankhwala, zidutswa za mfuti ya chiwaya, ngakhale azungu odwala pa machira, zonsezi zinkayenda pa nkhata ya munthu. Akatswiri a mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondo imeneyi ndipo ena pafupifupi 19,000 analowa usilikali, m'dziko lomwe anthu onse analipo ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Werengani bwino manambala amenewo. Ndiye kuti kunalibe dera lomwe silinakhudzidwe, ndipo ambiri sanapite mwakufuna kwao, ankagwidwa ndi amesenjala, mafumu ankaopsezedwa kuti apereke anthu, ena ankathawira kumapiri kapena kuoloka malire. Katundu wa makilogalamu oposa 20 pamutu, wapansi, mvula ikugwa, phoso lake losakwana, chovala chake kansalu kamodzi, kuzizira kwa kumapiri a kumpoto kwa nyanja, nde kamwazi, chibayo, malungo ndi nthomba zinapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. Amene anadwala panjira ankasiyidwa pomwepo poti mzere sumaima. Otsala atabwerera kumudzi anapezanso njala chifukwa minda inalibe olima, kenako fuluwenza ya 1918 inadzamaliza.

Kwathu nafenso tili nawo wathu. Mchimwene wao wa agogo a mayi anga anatengedwa ali mnyamata wongokwatira kumene, sanabwerere, ndipo palibe kalata kapena munthu wa boma amene anabwera kudzanena kuti wafera kwakuti. Mkazi wake anadikira mpaka akuluakulu anangogwirizana kuti alire maliro opanda mtembo, amete, mkaziyo amasulidwe. Nkhani ngati imeneyi mukaifunsa kwa agogo a ku Zomba, Mulanje, Mangochi, Ntcheu, Dedza, Mzimba mpaka Karonga muipeza, kungoti amene ankaidziwa bwino akutha.

Inu a Commission, bungwe lanu linakhazikitsidwa mu 1917 ndipo linalonjeza chinthu chokongola kwambiri, kuti aliyense wofera ku nkhondo adzakumbukiridwa ndi dzina lake, mofanana, posayang'ana udindo, mtundu kapena chipembedzo. Ku France ndi ku Belgium munachitadi zimenezo, mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba miyala yao ndi yofanana, ndipo amene mitembo yao sinapezeke mayina ao analembedwa pa zipilala ngati cha ku Thiepval ndi Menin Gate. Koma kuno ku Africa lonjezo lija linathyoledwa, ndipo si ine ndikunena, ndi lipoti la komiti yomwe inu nomwe munakhazikitsa, lomwe linatuluka mu April 2021. Lipotilo linapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000 anakumbukiridwa mosafanana ndi anzao achizungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanalembedwe mayina kapena sanakumbukiridwe nkomwe, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt. Linanenanso mosabisa kuti tsankho ndi limene linachititsa. Ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam anangoimika zipilala za askari, asilikali achikuda, zopanda mayina, chipilala chimodzi kuimira anthu zikwizikwi.

Chimene chinandipweteka kwambiri m'nkhani ya lipoti ija ndi chifukwa chimene ankapereka nthawi imeneyo. Akuluakulu ena achitsamunda ankati anthu akuda sasamala za manda a abale ao, sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ndiye kuwaikira miyala nkuononga ndalama za boma. Bwanamkubwa wa Gold Coast (Ghana ya lero), Guggisberg, ananena zofanana ndi zimenezi mu 1923. Abale inu, ife osasamala manda? Ife amene mudzi wonse umaima ntchito kukagwa maliro, adzukulu kulawira m'mamawa kukakumba, amayi kugona pa siwa usiku wonse akuimba? Ife amene kumanda sitidulako mtengo mwachisawawa, amene munthu akamwalira ku Johannesburg timasonkherana ndalama kudzera pa WhatsApp kuti thupi libwere lidzagone pafupi ndi makolo ake, amene timasunga ndalama zaka kuti timange chiliza ndikuitana abale onse tsiku lochiona? Munthu wosowa manda kwathu kuno ndi chilonda chimene sichipola, mbumba yake imakhala ikudzifunsa mpaka kalekale. Napier yemweyo anali m'busa pakati pa anthu amenewa, ankalankhula chinenero chao, ndipo ine sindikukayika kuti ankadziwa mmene timalirira akufa athu. Amene anapanga chiganizo chija sanafunse aliyense wa ife.

Ndikudziwa kuti munapepesa. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, a Ben Wallace, anaima mu nyumba ya malamulo pa 22 April 2021 nkupepesa, ndipo inunso a Commission munavomera zonse zimene komiti inapempha. Ndaonanso kuti mu January 2025 munatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi mayina oposa 1,700 a anthu akuda a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito zothandiza asilikali, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa dzina. Zikomo chifukwa cha zimenezo, ndipo zikusonyeza kuti zinthuzi zimatheka mukafuna. Nde ife tikufunsa kuti nanga athu? Nyasaland sinali kumbali kwa nkhondo ija ayi. Pa nyanja yathu pomwepa mu August 1914 sitima ya Britain ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, nkhondo itangoyamba kumene. Pa 9 September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo manda a azungu amene anafa pamenepo alipo mpaka lero, a Britain ndi a Germany omwe. Gulu la asilikali a Britain la General Northey lomwe linalowa ku German East Africa, Tanzania ya lero, mu 1916 linkadya chakudya chodzera pa nyanja yathu ndi pamitu pa agogo athu. Mpaka pomwe Ajeremani anakagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, anthu athu anali akusenzabe.

Ndipo si kuti panalibe wochenjeza. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikire za ku Karonga, kudandaula kuti anthu osauka akuda akukafera nkhondo yosawakhudza nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda chowathandiza. Boma linaletsa kalatayo. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timapuma pa 15 January kumukumbukira, koma anthu amene ankawalirira aja mayina ao sitikuwadziwabe.

Dandaulo lachitatu ndi la kwa ife tokha, boma lathu ndi mipingo yathu, chifukwa sitingamangoloza chala ku London. Chaka ndi chaka mu November timasonkhana pa chipilala cha Keyala ku Zomba ndi pa chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe, malipenga amalira, nkhata za maluwa zimaikidwa, timakhala chete mphindi ziwiri, zonse zabwinobwino ndipo asilikali athu akale amayenera ulemu umenewo. Koma mwambowu umaoneka ngati wa anthu a yunifolomu okha. Mtengatenga analibe yunifolomu, analibe mendulo yoti mdzukulu wake avale pachifuwa, ndiye pa tsikulo amasowa pomuika. Zili ngati kholo lomwe lamangira chiliza mwana mmodzi pomwe manda a abale ake ali pambali pomwepo amera thengo. Ana athu kusukulu amaloweza za kuphedwa kwa Franz Ferdinand ku Sarajevo ndi pangano la Versailles kuti akhoze mayeso, koma sadziwa kuti mwina agogo a agogo ao anayenda wapansi kuchoka ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, kulowa m'tchire la Mozambique atasenza bokosi la zipolopolo.

Komanso mawu a anthu amenewa sanatayike onse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri Melvin Page pamodzi ndi ophunzira a yunivesite ya Malawi anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya Chiwaya ndi maso, asilikali, amtengatenga ndi amayi omwe anatsala kumudzi. Nkhalamba zija zinalankhula m'zinenero zathu, koma zimene zinanena zimapezeka m'Chingerezi, m'mabuku oti munthu wa kumudzi sangawapeze kapena kuwagula. Zidzukulu za anthu omwe analankhulawo ndi zimene zili kutali kwambiri ndi mawuwo.

Ubale wa Malawi ndi Scotland timaunyadira kwambiri, mzinda wathu waukulu wa malonda unatenga dzina la kwao kwa Livingstone, ndipo mu 2005 a Jack McConnell, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, ndi malemu Bingu wa Mutharika anasainirana pangano la mgwirizano lomwe labweretsa zambiri m'masukulu ndi m'zipatala. Ine ndikuona kuti nkhani ya Napier ndi malo abwino oyambira kukambirana mbali yowawa ya ubalewu, chifukwa mwa munthu mmodzi yemweyu muli zonse ziwiri, m'busa amene anatikonda nkutimasulira Mawu, komanso ofesala wa nkhondo ya atsamunda imene inameza anthu athu. Amishoni ambiri anathandiza pa ntchito yoyang'anira amtengatenga nthawi imeneyo, ndipo mpingo usachite mantha kuinena mbiri imeneyi yonse mmene inalili. Kumukumbukira moona mtima ndikutchulanso anthu amene ankayenda nawo.

Tsono zopempha zanga ndi izi:

1. A Commission, mayina onse a asilikali ndi amtengatenga a Nyasaland amene mwawapeza kapena mudzawapeze m'mafayilo, kaya ku National Archives ku Zomba, ku Nairobi, ku Dar es Salaam kapena ku London, muwatulutse poyera mwaulere, mowasanja potengera boma, mfumu ndi mudzi ngati zinalembedwa. Musangowaika pa webusaiti ya Chingerezi basi. Asindikizidwe papepala apite kwa ma DC ndi mafumu, awerengedwenso pa wailesi mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe, chifukwa agogo amene angazindikire dzina sali pa intaneti.

2. Mutiuze poyera pulani yanu ya Malawi ndi nthawi yake. Tikufuna chikumbutso cha amtengatenga chokhala ndi mayina ngati cha ku Cape Town chija, pa nthaka ya kuno, ndipo malo ake ndi maonekedwe ake mukambirane ndi mafumu, mipingo, Asilamu ndi mabanja, osati kungotibweretsera zopangidwa kale. Pasiyidwenso malo oonjezerapo mayina amene adzapezeke mtsogolo.

3. Mulandire umboni wa pakamwa. Anthu ambiri amene anafa sanalembedwe m'kaundula aliyense, kapena mlembi wachizungu analemba dzina molakwika moti mwini wake sangalizindikire. Mukanena kuti mukufuna pepala lokha ndiye kuti mukuwalanganso kachiwiri chifukwa cha kusasamala kwa omwe anawatenga. Banja likabwera ndi dzina, mfunda, mudzi, ndipo mfumu ikuvomereza, umenewo ukhale umboni woyenera kuunikidwa.

4. Abusa athu a Blantyre Synod pamodzi ndi a Church of Scotland, tikupempha Lamulungu limodzi mu February, mwezi umene Napier anaphedwa, loti mipingo imukumbukire pamodzi ndi akhristu ndi anthu onse a m'madera mwathu amene anafera nkhondo ija. Mabuku akale a mipingo, a ubatizo ndi a sesheni, afufuzidwe chifukwa mwina muli mayina a anthu amene anapita osabwerera. Ndipo makalata a Napier aja amasuliridwe m'Chichewa, chinenero chimene iye anachigwirira ntchito, kuti ifenso timve zimene ankauza abale ake za makolo athu.

5. Boma lathu, pa mwambo wa mu November amtengatenga azitchulidwa ndi mawu omveka, ndipo zidzukulu zao zipatsidwe mpata woika nkhata ya maluwa. A zamaphunziro aike nkhani ya nkhondo ya Chiwaya mokwanira m'mabuku a mbiri a kusekondale, ya Karonga, ya pa nyanja, ya kugwidwa kwa anthu m'midzi ndi njala imene inatsatira.

6. Zokambirana za nkhalamba zija za m'ma 1970 zibwezedwe kwa eni ake m'zinenero zathu, kaya m'timabuku totchipa kaya m'mapulogalamu a pa wailesi, ndipo pa ntchito imeneyi boma la Scotland ndi mabungwe a ubale wa maiko awiriwa atha kuthandiza ndi ndalama zochepa chabe poyerekeza ndi zimene amaononga pa ntchito zina.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga, musadikire kuti maofesi ayambe ndiwo. Mukapita kumudzi kapena mukaimba foni, afunseni agogo ngati m'banja mwanu munali munthu amene anatengedwa pa nkhondo ya Ajeremani, mulembe dzina lake, mfunda wake, mudzi, mfumu, ndi chilichonse chimene akukumbukira, kaya ndi nyimbo imene ankaimba posenza, mujambule mawu ao pa foni ngati alola. Mapepala amenewo muwasunge bwino, kope ina mukapereke kwa abusa, kwa shehe kapena kwa amfumu, kuti tsiku limene akuluakuluwa adzayankhe adzatipeze tili ndi mndandanda wathu m'manja. Kalatayi itumizeni kwa aliyense amene mukuona kuti angathe kuifikitsa kwa eni ake, makamaka abale athu amene ali ku Scotland ndi ku England.

Ndikuyembekezera yankho lanu poyera, pomwe ndalembera pano.

Ine wanu mwaulemu,
Mkhristu wa CCAP, mdzukulu wa m'banja la mtengatenga